Chala Chimene Unkachifuna

Kuno ku Domasi,
Zomba.

Wokondedwa mwana wanga Malcolm,

Ndine amako, Rabecca Nangondo. Chitupa cha boma chimati ndili ndi zaka 77. Kaya n'zoona kaya anangoyerekeza, ine chimene ndinauzidwa n'chakuti njala ya 49 inandipeza ndili kumsana. Ndayamba ndi dzina ngati ndili pamzere wa kuchipatala chifukwa masiku ano ndaphunzira kuti munthu aziyamba wadziwika kuti ndi ndani asanalankhule zambiri.

Uli bwanji kumeneko ku Joni, pamodzi ndi apongozi anga a Happiness ndi ana? Ngati nonse muli bwino, Mulungu alemekezeke. Kuno tilipo. Bondo lija ndi lomwe lija, kukazizira limandikumbutsa. Mlongo wako Jessica alipo, mwana wake Flora alinso bwino. Chimanga takolola, sichambiri koma sitikudandaula. M'damu la abambo ako nsomba zilimo, ngakhale akatumbu ayambiranso kutibera.

Akundilembera ndi a Nasima, akazi a Che Sumaili oyandikana nafe aja. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakonze kanthu. Kalatayi aitenga ndi Mubarak, mchimwene wawo amene amayendetsa katundu kupita kumeneko.

Udabwa kuti kalata n'njachiyani foni ilipo. Ndikudziwa kuti waimba kangapo, ndipo Jessica amangoiyang'ana foniyo mpaka yatopa yokha. Ndinamuletsa kuyankha ndine. Chifukwa chake uchimva kutsogoloku, usathamange. Paja ine nkhani ndimaiyambira poyambira.

Unandiimbira chimanga chili chiwisi. Unati amayi, nyumba ikudontha, malata aja ndi a nthawi ya abambo, ine sindigona tulo ndikamva kuti kwanu kukugwa mvula. Unati wapeza bungwe lobwereketsa ndalama zokonzera nyumba, ndipo uzibweza wekha pang'onopang'ono. Unati nyumbayi ikhala chikole mwamwambo chabe, poti mapepala amafuna choncho. Unati kubwera mnzako wa kusukulu, dzina lake Jacob, wogwira ntchito kubungweko, ndimulandire ngati ndikulandira iwe.

Mwana wanga, ndinasangalala. Lachinayi lake ndinakauza azimayi anzanga ku Mvano kuti Malcolm akundifolerera nyumba. Ena anawomba m'manja, ena anangoti zikomo, ine n'kumati mumtima lero mwaona, ana enieni ndi amenewa.

Jacob anabwera pa njinga yamoto. Shati yoyera, pachifuwa atasokapo dzina la bungwe ndi ulusi wobiriwira. Nsapato zosongoka, koma anazivula asanafike pamkeka. Anagwada, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Agogo, agogo, pakamwa ponse agogo.

Usaganize kuti sindinamufufuze. Ndinamufufuza monga ndidziwira kufufuza munthu. Ndinamufunsa kuti ndi mwana wa yani, anati amake ndi a kufupi ndi Malosa. Ndinamufunsa kuti amapemphera kuti, anatchula mpingo, n'kutchulanso nyimbo imene ankaimba ali m'kwaya. Kenako anandiuza za chipsera chako cha pachibwano, chija unagwa nacho mumtengo wa mango. Anandiuzanso kuti iwe therere sudya ngakhale njala ikupweteke bwanji. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati munthu wodziwa kuti mwana wanga sadya therere sangakhale mlendo pakhomo pano.

Anatulutsa tepi yoyezera. Anayeza nyumba, anayeza khitchini, n'kujambula ndi foni mbali zonse. Kenako ndinangoona akutsika kudimba. Anayeza nthochi zija, anafika mpaka kudamu, n'kulizungulira. Ndinamufunsa kuti kodi nsombazo nazo zikufuna malata? Anaseka, amvekere agogo ndinu oseketsa, ndi lamulo la ku ofesi limeneli. Pochoka anatenga chitupa changa cha unzika, akuti akachijambulitse. Anati akabweranso abwera ndi mapepala, ine kwanga kudzakhala kudinda chala basi.

Tsiku limene anati abwera ndinati mlendo wa mwana wanga sangadye masamba. Ndinagwira tambala wofiira uja. Ukudziwa kuti chiyambire nthawi ya abambo ako a Makaiko, pakhomo pano nkhuku kapena mbuzi sitizinga tokha. Timaitana Che Sumaili, kuti nyamayo ikapsa nawonso ndi a kubanja kwawo athe kudya nafe. Ndiye ndinawaitana.

Anabwera ndi mpeni wawo, n'kufunsa kuti tambala walakwanji. Ine ndinawafotokozera zonse, mokweza mawu pang'ono, sindibisa. Anazinga tambala uja, n'kumapukuta mpeni pa udzu nthawi yaitali.

Kenako anati achemwali, ndikufunseni. Jessica ali ndi mpeni wakuthwa kuposa wangawu, mwandiitaniranji ine? Ndinati a Che Sumaili, lero mwayamba kufunsa zimene mukuzidziwa? Anati eya, ndikuzidziwa. Mwandiitana chifukwa ndine wololedwa, ndipo wina akafunsa kuti anazinga ndani mutchula dzina langa, akafuna akandipeza pakhonde panga. Tambala mmodzi yekha mwasamala kuti amugwire ndi munthu wololedwa. Nanga nyumba yonse, dimba, ndi damu limene anakumba amuna anu, mwafunsa kuti munthu akubwerayu anamulola ndani kugwira zinthu zoterezi?

Ndinapsa mtima. Ndinati amutuma ndi mwana wanga. Iwo anati mwana wanu ndi mwana wanu, koma si boma. Anati obwereketsa ndalama mwalamulo amakhala ndi chiphaso, ndipo amene amawatuma m'midzi amayenda ndi chowazindikiritsa choti munthu angathe kukafunsa ku ofesi kwawo. Ndinawayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinkati nsanje ya malata imeneyi. A Nasima akuseka pano polemba. Lembani, ndinaganizadi choncho.

Jacob anafika dzuwa lili pamutu, ndipo tinadya. Che Sumaili anadikira kuti mlendo asambe m'manja, paja munthu safunsidwa mlandu ntchafu ya nkhuku ili kukamwa. Atatero anamupempha mwaulemu kuti achimwene, tingaone nawo chiphaso chanu? Jacob analoza dzina lija pachifuwa. Che Sumaili amvekere shati n'njabwino, koma ngati imeneyi ine ndinaonapo pa kaunjika ku Songani, ina inalembedwa kuti dokotala, anagula ndi wogulitsa makala. Jacob anaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Anati chiphaso chili ku ofesi, abwera nacho ulendo wina.

Anayala mapepala pamkeka, n'kutsegula kabokosi ka inki. Tsiku limenelo Jessica kunalibe, anapita kuchipatala ndi dzino. Ndinati tidikire Jessica, malo ano ndi ake. Jacob anati ayi agogo, Malcolm wanena kuti Jessica tisamuvutitse nazo, ali ndi zambiri.

Mawu amenewo anandilasa. Iwe ndi Jessica munayamwa bere limodzi. Chiyambire liti nkhani ya nyumba ino kukhala yomuvutitsa Jessica?

Ndisanayankhe, anali atandigwira kale dzanja. Anatenga chala changa chachikulu ngati akutola chinthu chake, n'kumachikokera ku inki kuja. Manja ake anali ozizira, thukuta lokhalokha. Ndinabweza dzanja langa. Ndinati mwana wanga, chalachi chili ndi mafuta a nkhuku, chiwononga mapepala a ku ofesi. Ndiponso ine ndine wokalamba, sindichita zinthu ziwiri zazikulu tsiku limodzi. Lero ndalandira mlendo, zodinda tsiku lina.

Anandinyengerera, ine ayi. Anati ndalama zikhoza kubwerera kumene zachokera. Ndinati zikabwerera ndiye kuti sizinali zanga. Pochoka nsapato zija anavalira pamkeka pomwepo.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Nasima. Sindinapepese, ndinangoti kodi ku Zomba mupita liti? Iwo anali atawerenga kale dzina la pa shati lija, ndipo ankadziwa pamene pali ofesi yake. Tinayenda mpaka ku Songani, tinakwera minibasi, bondo likulira njira yonse. Kondakitala anandiika pampando wa pamwamba pa injini, ndinafika ku Zomba nditapsa ngati mbatata.

Ofesi ija ilipodi. Tinakhala pabenchi mpaka nthawi yathu inakwana. Anatilandira mayi wina wamagalasi, khadi lokhala ndi nkhope yake likulendewera pakhosi. Ndinayang'ana, onse ogwira ntchito mmenemo anali ndi makhadi otero. Jacob sindinamuonepo nalo.

Ndinati mayi, ine sindinapite kusukulu, mundikhululukire mafunso anga. Kodi inu amene anakulolani kubwereketsa anthu ndalama ndani? Sanandiseke. Analoza pakhoma, pepala lili m'galasi ngati chithunzi cha ukwati. Anati chimenecho ndi chiphaso chochokera ku Banki Yaikulu, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuchiona. A Nasima anaimirira n'kukachiwerenga okha, n'kundigwedezera mutu.

Ndiye ndinatchula dzina la Jacob. Mayi uja anavula magalasi. Anatuluka, n'kubwera ndi bambo wina wamkulu. Anati Jacob anagwirapodi ntchito pamenepo, koma anachoka kalekale, ndipo sanachoke bwino. Shati sanabweze. Anati si ine woyamba kubwera ndi dzina limeneli. Masiku ano amachita katapila, amakongoza anthu ndalama za m'thumba mwake, koma amalowa m'makomo ndi dzina la bungwe lawo kuti anthu asamuope.

Anandiuzanso kuti iwo nkhani ya nyumba saithera pamkeka. Mwini wake amabwera ku ofesi ndi mboni imene wasankha yekha, ndipo pepala lililonse amamuwerengera m'Chichewa asanadinde.

Kenako mayi uja anandifunsa kuti agogo, mwadinda? Ndinati ayi, chala chinali ndi mafuta a nkhuku. Anati nkhuku imeneyo Mulungu aidalitse.

M'minibasi pobwerera ndinalira. Ukudziwa amene ndinkamulirira? Iweyo. Ndinkati mwana wanga wapusitsidwa, ali kutali, akudalira mnzake wa kusukulu osadziwa kuti mnzakeyo anasanduka fisi. Titatsika pa Songani ndinamasula pansonga ya chitenje, ndinagula mayunitsi kuti ndikuchenjeze msanga.

Ukukumbukira mmene unandiyankhira. Ndinati Malcolm, ndachokera ku ofesi ya Jacob ku Zomba. Sunafunse kuti akuti chiyani kumeneko. Unafunsa kuti wakutumani ndani. Unati za ku ofesi simungazimvetse amayi, anthuwo amadana okhaokha, inu ingodindani. Foni itaduka ndinaima pamsewu paja ngati ndaiwala njira ya kwathu. Komabe ndinakuikira kumbuyo. Ndinauza a Nasima kuti watopa ndi ntchito, mwina akuchita manyazi kuti mnzake wamunamiza.

Jacob anabweranso m'mawa wina, dzuwa lisanatenthe. Ulendo uno anapeza Jessica alipo, Che Sumaili ndi a Nasima aliponso. Ndinamuyalira mkeka monga kale. Ndinati mwana wanga, paja unati ubwera ndi chiphaso. Anayamba kundionetsa zithunzi m'foni, ali pa desiki, ali ndi azungu ena. Ndinati zithunzi n'zokongola, koma ine ndinapita ku Zomba, ndinaona chimene chili m'galasi pakhoma, ndipo eni ake akuti iwe si wawo.

Jessica ukumudziwa, sasunga mawu m'kamwa. Anaimirira n'kumuloza chala. Anamunena kuti wakuba, katapila wopanda manyazi, wodya tambala wa nkhalamba uku akuyeza manda ake. Anati wapusitsa achimwene anga ali kutali, lero uona.

Jacob sanagwadenso. Anaima, n'kuseka. Amvekere wakuba ndine? Ndapusitsa achimwene ako ine? Khalani pansi nonse mumve. Anatokosa foni yake, n'kuikweza mawu, n'kuiika pakati pa mkeka.

Paja akulu anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

Anali mawu ako, Malcolm. Aja mumajambula n'kutumizirana. Sindikanawasokoneza ndi a munthu wina ngakhale pakati pa msika.

Unkamuuza Jacob kuti avale shati ija, chifukwa kumudzi akaona shati basi nkhani yatha. Unati za chiphaso asadandaule, kulibe amene angafunse zimenezo ku Domasi. Unanditchula dzina lija mumatchulira amanu anyamata a masiku ano, unati masteni. Unati masteni sawerenga aja, ungowauza za malata, adinda. Unati ndalamazo ukufuna ugulire galimoto yonyamulira anthu kumeneko. Ndipo unati ikakanika kubweza, atenge nyumba ndi damu lomwe, iwe suluzapo kanthu, chifukwa malowo ngakhale zitatani adzadya ndi Jessica.

Utatero unaseka.

Nkhuku zinkangodutsa pabwalo. Ndinamuuza Jacob kuti abwerezenso. Che Sumaili anati achemwali, basi, zakwana. Ndinati ayi, ine ndine wochedwa kumva, abwereze. Anabwereza. Ndinamvetsera mpaka pa kuseka paja kachiwiri.

Kuseka kumeneko ndi kwa abambo ako. Kumayambira m'mphuno, kenako kumatsika pachifuwa. Chimwalirireni iwo, ndinkati ukaimba foni Lamulungu ndinkayamba dala nkhani zopusa, za mbuzi ya kwa aneba, za bondo langa, kuti useke ndiwamveko a Makaiko. Tsiku limenelo kuseka komweko ndinakumva m'foni ya munthu wina, kukundiseka ine.

Ndiye chifukwa chake ndakana foni. Mawu ako sindingathe kuwamva panopa. Ukanena kuti amayi, khutu langa lizimva dzina lina lija.

Jacob anatola foni yake. Anati iye si wopusa, theka la ndalamazo anakutumizira kale podalira mawu ako, ndipo ndalama zake sizimira m'madzi. Anati mwezi ukatha abwera ndi lole adzasasule malata omwe alipowa, akadzaona kuti sakukwana adzakhuthula damu. Chitupa changa anakana kubweza. Che Sumaili anamuuza kuti achimwene, lole mubwere nayo, koma chiphaso chija mukweze kutsogolo. Ananyamuka fumbi lili koboo.

Jessica tsiku limenelo sanadye. Anakhala kuseri kwa khitchini, osalira. Madzulo ake anangoti amayi, ndiye kuti achimwene akhala akundiwerengera malowa nthawi yonseyi?

Malcolm, unanena zoona pa chinthu chimodzi. Malo ano adzakhaladi a Jessica, kenako a Flora. Anali a amayi anga, amayi anga anawalandira kwa amawo. Abambo ako anabwera kuno ngati mkamwini, anamanga nyumbayi, anakumba damu ndi khasu miyezi yambirimbiri akudziwa bwinobwino kuti si pawo. Sindinawamvepo akuti ndisakumbe chifukwa adzadya ndi ena. Nsomba za m'damu limenelo ndi zimene ndinkasenza kupita nazo ku Songani kuti iwe ukhale m'kalasi. Jessica ndi amene ankathira madeya m'mawa uliwonse, iwe ukupita kusukulu.

Ndipo suli wopanda gawo pano. Tsiku limene tinaika malume ako, achibale anakukhazika pampando pamaso pa anthu, anati kuyambira lero mwini mbumba ndi Malcolm. Mwini mbumba sapatsidwa munda, amapatsidwa anthu. Jessica akamenyedwa, wothamangira ndiwe. Munthu akasuntha malire a dimba, wokalankhula ndiwe. Ndimaganiza kuti unamva tsiku limene lija. Kapena unkawerengera kuti akupatsa ntchito yopanda malipiro?

Usiku ndimadzifunsa kuti ine Rabecca, amene sindigula ngakhale mbuzi osafunsa khola limene yachokera, ndinalola bwanji munthu kuyeza nyumba yanga osamufunsa amene anamulola? Yankho ndalipeza. Sindinamufunse chiphaso chifukwa chiphaso chake unali iweyo. Ukanatuma munthu wovala chiguduli, ndikanamuphera tambala yemweyo.

Ukanandiuza zoona, mwana wanga. Ukanati amayi, kuno zandivuta, ndikufuna galimoto kuti ana adye. Tikanakhala pansi ndi Jessica. Mwina tikanakhuthula damu n'kugulitsa nsomba zonse, mwina tikanakana, koma tikanakana tikukuyang'ana kumaso. Ine kusawerenga sindinakubisirepo. Ndinkanyadira kuti ndili ndi mwana amene amandiwerengera. Sindinkadziwa kuti nawenso unakulemba penapake ngati khomo losatseka.

Tsopano imva pamene nkhani yafika. Tinapita kupolisi ndi Che Sumaili kukanena za chitupa changa ndi za lole ija. Wapolisi analemba zonse bwinobwino. Kenako anafunsa kuti Jacob ameneyu anafika bwanji pakhomo panu, anamutuma ndani? Che Sumaili anayang'ana kudenga. Ine ndinati bwana, mutu wandigwira, ndibweranso.

Jessica atamva anakalipa. Akuti amayi, mpaka lero mukumubereka kumsana? Akuti popanda kutchula dzina lako ndi mawu aja a m'foni, nkhaniyi ikhala yopunduka, ndipo Jacob adzabweradi ndi lole yake. Mwina akunena zoona. Ndamupempha kuti andipatse nthawi mpaka Mubarak atabwerako. Wavomera, koma mokoka pakamwa.

Ndiye Mubarak akamabwerera, abwere ndi yankho lako. Akabwera chimanjamanja, ndivala chitenje changa, ndikamaliza chiganizo chimene ndinachisiya panjira kupolisi kuja. Sindikukuopseza. Ndikukuuza kuti usadzamve kwa anthu.

Ndalama za Jacob unalandira ndiwe, umubwezere ndiwe. Kaya galimotoyo wagula kale, kaya ugulitsa, zimenezo ndi zako ndi iyeyo. Umuuze ndi pakamwa pomwepo pamene unamutumira kuti pakhomo pano asapondenso, ndipo chitupa changa akachisiye kwa Che Sumaili. Ndili nacho ntchito, popanda chimenecho ngakhale feteleza wotsika mtengo sindingagule.

Palinso nkhani ya Flora. Paja unamva kuti kwabwera mnyamata wa ku Malosa, ndipo chinkhoswe tinati chichitike kukayamba kutentha. Nkhoswe ya kuchikazi tinati ndiwe, malume ake. Flora wakhala akuuza anzake kuti amalume abwera kuchokera ku Joni. Sitinamuuze kalikonse, koma mwanayo si wogontha, akuona kuti amake sakutchulanso dzina lako.

Nkhoswe ndi munthu amene amaima pamaso pa anthu n'kunena kuti uyu ndikumudziwa, mulandireni, zikavuta mudzandifunse ine. Unaimirapo kale munthu mmodzi pakhomo pano. Undiuze wekha ngati ukuona kuti ungaimirenso wina. Jessica akuti bola apemphe mwana wa malemu malume ako. Ine sindinavomere, sindinakane.

Ku Mvano akundifunsa kuti malata afika liti. Ndimangoti mvula yatha, sitikufulumira. Ndowa ija ndimaika pakona pa chipinda chako pamene pamadontha ndaichotsa kaye, tidzaibwezera mvula ikayamba. Yandisunga zaka zonsezi, sinandipemphepo chala.

A Nasima akuti pepala likutha ndipo dzanja lawawa. Ndimalize.

Sindinakutemberere, ndipo sindidzatero. M'mawa uliwonse ndimakutchulabe m'pemphero, kungoti masiku ano ndikafika pa dzina lako ndimakhala kaye chete, Mulungu amadziwa yekha zotsalazo. Akusunge m'misewu ya kumeneko. Akupatse tulo, ndipo ukadzuka akupatse mtima wolemba zoona.

Undiperekere moni kwa apongozi anga a Happiness. Kaya akudziwa za nkhaniyi kaya sakudziwa, sindikuwaimba mlandu. Ana uwauze kuti agogo awasungira mtedza, Mubarak akananyamula koma katundu wamuchulukira. Che Sumaili akupereka moni. Ndinakawapepesa za nsanje ya malata ija, anangoseka, amvekere wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutulo limawawabe. Jessica ndamufunsa ngati ndilembe moni wake, wati ndisalembe bodza.

A Nasima andiwerengera kalata yonseyi kuyambira pamwamba mpaka pano, mawu ndi mawu, Che Sumaili ali pomwepo ngati mboni. Zonse ndi zanga, ndazimva, ndazivomera. Tsopano abweretsa kabokosi ka inki ka ku shopu kwawo. Chala chija unkachifuna ndi ichi chili pansipa. Ndasamba m'manja, mafuta palibe. Uchiyang'ane bwino, mizere yake inafufutika ndi khasu, koma ndi changa, ndipo ndadinda ndekha popanda wondigwira dzanja.

Usaimbe foni. Utenge pepala ulembe ndi dzanja lako, lija ndinalilipirira sukulu. A Nasima adzandiwerengera, ndipo sadzadumpha liwu. Za Jacob ulembe, za Flora ulembe. Koma poyamba penipeni undiyankhe ichi, chifukwa ndi chimene chikundilanda tulo. Utanena kuti masteni sawerenga aja, unaseka. Chinakuseketsa n'chiyani, mwana wanga?

Ndikudikira yankho lako ndi Mubarak.

Ndine amako,
Rabecca Nangondo